Mmene mungaphunzitsire mphaka wanu kuyenda pa chingwe

Mphaka wanga dzina lake ndi Makala, ndi wakuda bii kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo timakhala naye mufulati ya m'mwamba kuno ku Leeds, mzinda wa ku England, kutsogolo kwake kuli msewu woti mabasi sasiya kudutsa usana ndi usiku. Kwathu ku Ntcheu palibe amene amaganiza zokayendetsa mphaka, amadzuka yekha, amapita kunkhokwe kukasaka makoswe, madzulo mumangomuona ali pakhonde akudzinyambita, basi nkhani yatha. Koma kuno mphaka wa mufulati alibe nkhokwe alibe bwalo, tsiku lonse amangokhala pawindo kuyang'ana nkhunda, ine ndikaweruka kuntchito ndimamupeza akulira pachitseko mpaka mtima kuwawa. Kumutsegulira kuti azipita yekha sindikanatha, pamsewu umene uja sakanatha ndi sabata yomwe. Ndiye ndinaganiza zomuphunzitsa kuvala harness, kachovala ka pachifuwa kaja komangirirapo chingwe, kuti tizitulukira limodzi. Zinanditengera masabata 7 kuti tiponde udzu koyamba, ndipo zimene ndikulemba apa ndi zimene ndinadutsamo ndi manja angawa.

Musanagule kanthu kalikonse, yambani mwamuyang'anitsitsa mphaka wanuyo. Si mphaka aliyense amene angasangalale nazo izi, ndipo mabungwe oona za ziweto kuno ku Britain monga RSPCA ndi Cats Protection amachenjeza ndithu kuti amphaka ambiri chingwe chimawasowetsa mtendere, chifukwa mphaka akaopa chinthu nzeru yake ndi kuthawa, kukwera mumtengo kapena kubisala, ndiye chingwe chimamulanda zonsezo. Ine ndimagwirizana nawo. Ngati mphaka wanu ndi uja woti mlendo akangogogoda iye ali kale pansi pa bedi mpaka mawa, musiyeni abale anga, mugulireni zoseweretsa, muikireni pokwera pafupi ndi windo, akhala bwinobwino. Amene amatha izi ndi uja wachidwi, wothamangira kuchitseko kukanunkhiza nsapato za alendo, woti akamva phokoso amadzidzimuka pang'ono kenako n'kupita kukaona kuti chagwa n'chiyani. Kamwana ka mphaka kamaphunzira msanga kuposa wamkulu, koma wamkulunso amaphunzira, Makala anali ndi zaka ziwiri pamene timayamba. Ndipo ngati muli kumudzi kapena muli ndi mpanda waukulu woti mphaka amayenda mmene akufunira, simukufunika kumuyendetsa, ngakhale kumuzoloweza harness kumathandizabe tsiku losamuka nyumba kapena lopita naye kuchipatala cha ziweto.

Chachiwiri ndi kwa dokotala wa ziweto, ndipo apa musadumphe chonde. Mphaka amene wakhala m'nyumba moyo wake wonse akaponda panja amakumana ndi matenda a amphaka anzake, utitiri, nkhupakupa ndi njoka zam'mimba. Kuno ana amphaka amabayidwa katemera woyamba ali ndi masabata 9, wachiwiri ali ndi masabata 12, kenako pamakhala wobwereza chaka ndi chaka, ndiye onetsetsani kuti kadi lake lili bwino. Ku England kuyambira pa 10 June 2024 lamulo likuti mphaka aliyense aikidwe microchip, kachipangizo kakang'ono kolowetsa pansi pa khungu kothandiza kudziwa mwini wake, asanakwane masabata 20, mukapanda kutero chindapusa chake chimatha kufika £500, koma ngakhale pakanapanda lamulo ine ndikanamuikabe, chifukwa tsiku limene wapulumuka m'manja mwanu kachipangizo kameneko ndi kamene kadzamubweze pakhomo. Kwa inu amene muli ku Malawi, Zambia kapena Mozambique nkhani yaikulu ndi chiwewe. Anthu ambiri amaganiza kuti chiwewe ndi cha agalu okha, ayi, mphaka nayenso amachitenga akalumidwa ndipo amapatsira munthu. Mubayitseni akakwana miyezi itatu, ku ofesi ya za ziweto ya m'boma lanu, ku bungwe losamalira ziweto la LSPCA ngati muli ku Lilongwe, kapena nthawi ya kampeni ngati zija a bungwe lolimbana ndi chiwewe la Mission Rabies akhala akuchita ku Blantyre kuyambira 2015. Pamankhwala a utitiri pali chinthu chimodzi chimene chapha amphaka ambiri, ndicho kumuthira mankhwala a galu. Ambiri mwa mankhwala a agalu amakhala ndi permethrin, kwa mphaka ameneyo ndi poizoni, amayamba kunjenjemera ndi kukomoka. Chimodzimodzinso Panado, musadzamupatse mphaka olo kachidutswa. Ngati sanafulidwe kapena kutsekedwa chitaniso zimenezo musanayambe kutuluka naye, mphaka wosafula akamva fungo la wamkazi panja simungamugwire.

Tsopano harness yeniyeniyo. Lamulo loyamba, chingwe sichimangidwa pakolala ya m'khosi, zivute zitani. Khosi la mphaka ndi lofewa, akadumpha mwadzidzidzi mutha kumupotokola kapena kumutsamwitsa, komanso makolala abwino a amphaka anapangidwa dala kuti azimasuka okha akakodwa penapake, ndiye mukamangapo chingwe mungotsala ndi kolala m'manja mphaka atapita. Harness ya galu wamng'ono nayonso siyenera, thupi lawo ndi losiyana. Mphaka mafupa ake a pamapewa sanalumikizane molimba ngati athu, n'chifukwa chake amatha kulowa pakabowo koti simungakhulupirire, ndipo n'chifukwa chakenso amavula harness ngati munthu akuvula malaya ikakhala yokhwepa. Pamsika mupeza mitundu itatu, ya timalamba tiwiri tolumikizana pamsana imene amaitcha H, ina yopinda ngati 8, ndi ina yooneka ngati kajekete kapena vesiti yomata. Ine ndinayamba ndi ya H chifukwa ndi yopepuka, mphaka savutika nayo kwambiri poyamba, koma potuluka panja ndinasinthira ku ya kajekete chifukwa imagwira thupi malo aakulu ndipo kuivula n'kovuta. Tengani tepi ya telala mumuyeze m'khosi ndi pachifuwa kuseri kwa miyendo yakutsogolo, tepiyo igunde thupi osati ubweya wokha, chifukwa mphaka waubweya wambiri amaoneka wonenepa pamene mkatimo ndi kanthu kochepa. Akavala, chala chimodzi kapena ziwiri zizilowa mothina pakati pa harness ndi thupi, zikamalowa zitatu dziwani kuti avula. Ngati muli kumudzi ndipo m'mashopu mulibe, telala waluso atha kukusokerani ya kajekete pogwiritsa ntchito nsalu ya jinzi yakale, zomatira zija za velcro ndi karing'i kachitsulo kochotsa pachikwama chakutha, bola karing'iko kasokedwe kangapo pamsana ndipo muonjezere kalamba ka bakulo pamwamba pa velcro, ndipo muikoke ndi mphamvu zanu zonse musanamuveke. Chingwe chikhale chopepuka, chotalika mita imodzi ndi theka kapena awiri. Zingwe zodzikulunga zokha zija zokhala ndi chigubu cha pulasitiki zisiyeni, chikakupulumukani chigubucho chimagwa pansi n'kumathamangitsa mphaka pambuyo chikulira khwekhwerere, iye amaona ngati chilombo chikumulondola ndipo saima.

Mukafika nayo kunyumba harness musamuveke tsiku lomwelo. Apa ndi pamene anthu ambiri amalakwitsa, amangotsegula paketi, kumugwira mphaka, kumumanga, mphaka n'kuidana nayo mpaka kalekale. Ingoiikani pansi pafupi ndi mbale yake kapena pamene amagona, masiku atatu kaya anayi, ainunkhize, aiponde, agonepo, itenge fungo lake ndi la m'nyumba. Nthawi iliyonse akaiyandikira mupatseni kachakudya kokoma. Ndipo kachakudyako kakhale kapadera, koti sakaona nthawi ina iliyonse koma ya harness yokha. Kuno ambiri amagwiritsa ntchito Dreamies kapena zonyambita za m'timapaketi ngati Lick-e-Lix, ine ndinapeza kuti Makala amafera nkhuku yowiritsa, yopanda mchere, yopanda anyezi kapena adyo chifukwa ziwirizi zimaononga magazi a mphaka. Ndimaidula tizidutswa tochepa ngati njere ya chimanga. Usipa kapena matemba nawonso amagwira ntchito bwino kwambiri, koma ngati ndi wouma wamchere yambani mwaunyika m'madzi ndipo musachulutse. Nthawi yabwino yophunzitsa ndi asanadye, ali ndi kanjala pang'ono, mphaka wokhuta sanyengereka. Ngati harness yanu ndi ya velcro kapena ya bakulo yolira kuti tcha, muzoloweretseni phokosolo muli chapatali, kumatula, kumupatsa nyama, kumata, kumupatsa nyama, mpaka azimva phokosolo ngati belu la chakudya.

Kenako muyamba kumukhudzitsa. Ingoiikani pamsana osamanga, sekondi imodzi kaya ziwiri, nyama, chotsani. Mawa lake chimodzimodzi, motalikirapo pang'ono. Ngati harness yake ndi yolowetsa mutu, musamukankhire, gwirani kachidutswa ka nyama mbali inayo kuti alowetse yekha mutu pofuna kudya. Zikuoneka ngati zochedwetsa koma kuona maso a nkhono n'kudekha, masiku awa ndi amene amapangitsa kuti zonse zotsatira ziyende. Akafika poti mukuiika pamsana iye n'kumangopitiriza kudya osasamala, mangani momasuka, dikirani mwina theka la mphindi, masulani iye asanayambe kudandaula. Mfundo imeneyi igwireni, muzimasula asanatope, osati atayamba kulimbana nayo, chifukwa mukamamasula pamene akugubuduzika aphunzira kuti kugubuduzika ndiye kiyi.

Tsiku loyamba limene ndinamumanga bwinobwino Makala anaima njii ngati chosema, kenako anangogwera chammbali kuti khu, miyendo tambalale, maso ali pa ine. Ndinachita mantha kwambiri, ndimaona ngati ndamuthina mpaka kulephera kupuma, ndinalowetsa zala ndikupeza kuti zili bwinobwino. Izi zimachitika kwa amphaka ambiri, akamva chinthu chawagwira thupi amauma kapena kudzigwetsa, ena amayenda chafufumimba, ena chambuyo, ena amanyamula miyendo ngati akuponda matope. Sanavulale, thupi lake likungodabwa. Musamudzutse ndi manja ndipo musamuseke kapena kumukalipira. Ine ndinatenga kandodo kake ka nthenga kaja n'kuyamba kukakoka pansi pang'onopang'ono patsogolo pake, anakayang'ana, khutu linagwedezeka, kenako dzanja linatambasuka, posakhalitsa anali atadzuka akukathamangitsa waiwala zoti wavala kanthu. Kuyambira pamenepo muzionjezera nthawi, lero mphindi ziwiri, mawa zisanu, kenako khumi, mpaka azitha kudya, kusewera, kudumphira pampando ndi kugona ali chivalire. Kwa ife gawo limeneli lokha linatenga masabata awiri ndi theka. Koma musamusiye yekha m'nyumba atavala, atha kukodwa pachitsulo cha bedi kapena kulowetsa chibwano m'lamba inu kulibe.

Akazolowera kuvala, mangirirani chingwe, mudakali m'nyumba momwemo. Poyamba chigwireni chili lendee, inu muzingomutsata kumene akupita, akapita kukhitchini inunso kukhitchini, akakhala pansi inunso imani. Ena amati muzimusiya azichikoka yekha pansi, kwa amphaka ena zimatheka, koma Makala ataona chinthu chikukwawa pambuyo pake anathawa mpaka kugunda tebulo, ndiye ine ndimati gwirani m'manja. Pakapita masiku angapo yambani kumuphunzitsa kumva kukoka kochepa. Chingwe chikangothina pang'ono imani osasuntha, osamukoka, muitaneni dzina mutagwira nyama, akangotembenukira kwa inu chingwe chimakhwepa chokha ndipo walandira nyama. Akuphunzira kuti chingwe chikathina njira yake ndi kubwerera kwa inu osati kulimbana nacho. Nthawi yomweyi muphunzitseniso kubwera mukamuitana, sankhani mawu amodzi kapena kaphokoso kamodzi, ine ndimagogoda kabotolo ka nyama kawiri ndi chikhadabo, ndipo muzichita tsiku lililonse olo asanavale harness. Komanso kabokosi konyamulira kaja kapena chikwama chake cha kumsana chizikhala chotsegula pabalaza, muziponyamo nyama, azigonamo, asamachione tsiku lopita kukabayidwa jakisoni lokha, chifukwa panja chimenecho ndiye chidzakhale nyumba yake yothawiramo.

Apa ndikuuzeni chinthu chimene chingakupulumutseni ku kukhumudwa. Mphaka sayenda ngati galu. Musayembekezere kuti muzidzayenda naye mumsewu iye ali pambali panu mpaka kushopu ndi kubwerera. Ulendo wa mphaka ndi kuyenda mapazi asanu, kuima, kununkhiza tsamba limodzi mphindi zitatu, kudya kaudzu, kukhala pansi kuyang'ana mbalame, kubwerera pamene munayambira. Mwini ulendo ndi iyeyo, inu ntchito yanu ndi kugwira chingwe, kuyang'ana kutsogolo ndi kumbuyo ngati kukubwera galu, ndi kumuletsa malo oopsa. Akalunjika kumene simukufuna, imani basi, chingwe chithine chokha, atopa n'kusankha njira ina, kapena munyamuleni mumuike pena.

Kutuluka koyamba kusakhale kwa panja penipeni. Ife tinayamba ndi kakhonde ka m'kati mwa nyumba yathu, pa masitepe, usiku anthu atagona, masiku anayi. Kenako tinatsikira kukabwalo ka kuseri kumene kuli kaudzu ndi mpanda. Ndipo pali lamulo limodzi limene sindinaliphwanyepo, Makala sadutsa pachitseko ndi miyendo yake. Ndimamuveka harness kuchipinda, kumulowetsa m'chikwama, ndiye n'kutuluka. Mukamulola kuti azituluka akuyenda yekha mwamuphunzitsa kuti chitseko ndi chodutsa, ndiye tsiku lina mukulowa ndi majumbo a zogula adzakudutsani m'miyendo alibe chingwe. Mukafika panja ikani chikwama pansi malo achete, pafupi ndi khoma kapena chitsamba osati pakati pa bwalo pambalambanda, mangirirani chingwe iye ali mkati momwemo, tsegulani, khalani pansi, dikirani. Tsiku loyamba Makala anangotulutsa mutu, mphuno ikugwira ntchito, anakhala choncho mphindi khumi osaponda pansi, tinabwerera m'nyumba ndipo ine ndinawerenga kuti tsikulo layenda bwino. Tsiku lachitatu ndi pamene anaponda udzu, ananyamula phazi n'kuligwedeza chifukwa cha mame, kenako anaponda lina. Maulendo oyamba asapitirire mphindi zisanu kapena khumi, ndipo sankhani nthawi yoti kulibe anthu ambiri, m'mamawa kwambiri kapena chakumadzulo, imenenso ndi nthawi imene amphaka mwachibadwa amakhala ochangamuka. Kumbukirani kuti makutu a mphaka amamva mawu ang'onoang'ono amene ife sitimva n'komwe, ndiye malo amene inu mukuti ndi achete kwa iye mwina ndi pamsika.

Muphunzire kuwerenga thupi lake. Mchira uli m'mwamba wopindika kunsonga, makutu ali kutsogolo, akununkhiza, akudzikhula pamtengo, akulandira nyama, ndiye kuti zili bwino. Koma akagwetsa mimba pansi, makutu agona chambuyo, maso akuda aja akula mpaka kudzaza diso lonse, mchira wafufuma ngati tsache kapena waulowetsa pansi, akukana nyama imene amaifera kunyumba, ulendo wathera pomwepo, mulowetseni m'chikwama mubwerere. Akayamba kupuma ndi kukamwa ngati galu ndiye kuti zafika poipa, mwina mantha aakulu kapena kutentha, mphaka sapuma choncho wambawamba.

Sabata yachiwiri titayamba kutuluka ndinakumana nazo. Tinali pakabwalo paja m'mawa, ine ndinaiwala kuti ndi tsiku la galimoto yotenga zinyalala. Itangoima kuseri kwa mpanda n'kuyamba kukweza mabini, phokoso lija, Makala anadumpha kufuna kuthawa, chingwe chinathina, ndipo ine mwamantha ndinakoka. Iye anatembenuka kundiyang'ana, n'kuyamba kubwerera chambuyo, miyendo yakutsogolo anaitambasulira kutsogolo, mutu n'kuweramitsa, ndipo ndinaona ndi maso anga harness ikutsetsereka kudutsa m'makutu, m'kuphethira kwa diso ndinatsala ndi kajekete kopanda kanthu m'manja. Anathawa liwiro la mtondo wadooka n'kukalowa pansi pa galimoto ya neba. Ndinagona pansi chafufumimba pa simenti yozizira, ndikumuona maso okha ali ngwee kuseri kwa tayala, mtima ukugunda ngati utuluka. Chimene chinandithandiza ndi choti sindinamuthamangitse. Ndinaika chikwama chotsegula pafupi ndi galimotoyo, ndinadikira mpaka ya zinyalala ija itapita, ndinayamba kugogoda kabotolo ka nyama kawirikawiri ndikumulankhula motsitsa, patapita mwina mphindi 20 anatuluka chokwawa n'kulowa yekha m'chikwama. Phunziro lake ndi ili, mphaka amavula harness pobwerera chambuyo chingwe chili chothina, ndiye mukaona wayamba kubwerera musakoke, pitani kwa iye kuti chingwe chikhwepe, ndipo nthawi zonse yesetsani kuima kumbuyo kwake kapena pambali, chingwe chili cham'mwamba, osati kutsogolo kwake. Muziyendanso ndi kathaulo kokhuthala paphewa. Mphaka wogwidwa ndi mantha sadziwa mbuye wake, mukamutola ndi manja okha akukalani ndi kukulumani, koma mukamufunditsa thaulo mumamunyamula bwinobwino. Akakulumani mpaka kutuluka magazi tsukani ndi sopo pamadzi oyenda mphindi 15 ndipo mupite kuchipatala, mano a mphaka amalowa mwakuya ndipo bala lake limatukusira msanga, ndipo ngati muli kumene kuli chiwewe musagone n'komwe. Ife zitachitika izi tinakhala masiku asanu osatuluka, ndinathinitsa harness, tinabwereranso pa masitepe paja n'kuyambiranso.

Zoopsa za panja zimatengera kumene muli. Kuno choyamba ndi agalu amene eni ake amawamasula m'mapaki, n'chifukwa chake ine kupaki sindipita naye, ndikaona galu patali ndimamunyamula Makala galuyo asanatione. Pali nkhandwe zoyenda m'tauni usiku, pali maluwa a lily amene ngakhale ufa wake wokha mphaka akaunyambita pa ubweya umaononga impso, pali antifreeze, mankhwala oletsa madzi a mu injini kuundana ndi kuzizira, amene amadontha pansi pa magalimoto, ndipo nthawi yozizira mchere umene amathira m'misewu umamata kumapazi, mukafika kunyumba mupukuteni ndi kansalu konyowa asanayambe kudzinyambita. Masiku oyandikira 5 November ndi usiku wa chaka chatsopano, pamene anthu amaphulitsa makombola, musatuluke naye madzulo olo pang'ono. Kumudzi ndiye agalu oyendayenda, njoka m'maudzu aatali, tameki amene anthu amathira m'zakudya pofuna kupha makoswe, ndi dzuwa la mu October loti simenti kapena mchenga umaotcha, ikani chikhatho chanu pansi, chikakuotchani inu ndiye kuti mapazi akenso apsa. Kulikonse kumene muli musamulole kukwera mumtengo ali pa chingwe, chikakodwa panthambi iye n'kudumpha alendewera, ndipo musamumangirire pamtengo n'kulowa m'nyumba ngati mbuzi, galu akabwera alibe kothawira. Mukabwerako muzimupapasa m'khosi, m'makutu ndi m'khwapa kufufuza nkhupakupa.

Za anthu nazonso muzikonzekere. Kuno amangomwetulira, ana amafuna kumugwira, ine ndimawauza mwaulemu kuti amuonere patali. Koma nditatumiza chithunzi pa gulu la WhatsApp la kwathu, azakhali anga anandiimbira foni usiku womwewo, akuti mwanawe, mphaka wakuda pachingwe, anthu aziti chiyani kuno. Ndinawamvetsa, tonse tinakula tikumva zimene anthu amakamba za amphaka akuda ndi ufiti, ndipo sindinawatsutse mwamwano, ndinangoti azakhali, kuno alibe koyenda, ndikamusiya agundidwa ndi basi. Ngati mukukhala malo oti anthu angamuchite chipongwe mphaka wanu chifukwa cha zikhulupiriro zimenezi, yendani naye m'kati mwa mpanda wanu basi, sizofunika kuti afike kumsewu.

Chomaliza ndi nthawi. Mphaka akalawa za panja amazifuna tsiku lililonse, walira mvula walira matope, ndiye musayambe ngati mukudziwa kuti mudzatopa nazo pakatha mwezi. Ikani nthawi imodzi yokhazikika kuti asamakulirireni pachitseko tsiku lonse, ndipo musamutulutse pamene akulira, dikirani akhale chete ndiye mutenge harness, apo ayi mwamuphunzitsa kuti kulira kumatsegula chitseko. Harness muziisunga m'dirowa osati poonekera. Ife timatuluka 6 koloko m'mawa ndisanapite kuntchito, mphindi 20 kaya 30, kukagwa mvula amangosuzumira m'chikwama n'kubwerera mkati, ine n'kudziwa kuti lero sitikupita. Masiku ano ndikangotsegula dirowa ija amabwera chothamanga, amakwera pabedi n'kuimika mchira kudikira kuti ndimumange, ndipo pakabwalo paja ali ndi chitsamba chake chimodzi chimene amayamba kuchinunkhiza tsiku lililonse asanapite kwina kulikonse.